Zilembo Zofiira

"Tambasula dzanja!"

"Bambo a Timba, mwanayu wangofika kumene kuchokera kusukulu. Ngakhale madzi sanamwe."

"Madzi sathawa. Iwe, ndati tambasula dzanjalo!"

Timba anatambasula. Kandodo kowotcherera zitsulo, kamene bambo ake ankayenda nako m'thumba la ovolosi ngati cholembera, kanatera pachikhatho. Thyapu! Mtsikanayo anadumphadumpha ndi mwendo umodzi, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka. Mayi ake anali pakhonde pamene ankasokera zovala za anthu. Phazi linaima pachopondera cha makina, singano n'kutsala pakati pa mpendero wa diresi.

"Linalo!" anatero bamboyo, chala chikuloza laputopu imene inali patebulo la pabalaza. "Ukuziona zilembo zofiirazi? Ine sukulu sindinapite nayo patali, zimene mumalemba umu sindizimva, koma chofiira ndimachidziwa. Aphunzitsi athu ankachonga ndi inki yofiira, ndipo chofiira chilichonse chinali ndi chikwapu chake. Apa kompyuta yachonga kale, ine ndikungomalizitsa."

"Ababa, imangondiuza poti ndikonze..."

"Ukundiyankha?"

Thyapu! Apo mayi a Timba analowa, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuima pakati pa mwana ndi bambo wake.

"Zakwana. Kamwana aka mukakwapule ngati bulu wapangolo?"

"Choka apa iwe. Kuwongola mtengo mpoyamba."

"Kuwongola, eya, osati kuthyola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bambo. Mukuti mukupha khoswe, muswa mkhate."

"Miyambi yakoyo ukaisokere pamakina. Ine ndimagwira chitsulo tsiku ndi tsiku. Unachiona kuti chitsulo chowongoka pochinyengerera? Ndikalumikiza geti ndimalimenya ndi hamala, likapirira ndiye kuti lagwira. Amene anandiphunzitsa ntchito ine ankandigenda ndi sipanala, chipsera chake ndi ichi pachipumipa, ndipo akanakhala moyo lero ndikanawagulira jekete. Uyu akufuna akhale injiniya wa makompyuta pomusisita?"

"Akufuna ndi iyeyu kapena ndinu?"

Bamboyo anabwezera kandodo m'thumba n'kutuluka, ulendo wa kushedi kwake kumsewu, ndipo posakhalitsa phokoso la hamala linayamba kumveka.

Musamuyese chilombo cha m'tchire munthuyu. Akanakhala chilombo nkhani ikanaphweka, bwenzi mayi a Timba atalongedza kale. Tsiku limene aphunzitsi a kalabu ya makompyuta anamuuza kuti mwana wake ali ndi mutu wa masamu, anabwera kunyumba akuimba mluzu. Anawotcherera geti lalikulu la mwini golosale wina, pomaliza n'kunena kuti malipiro ake ikhale laputopu yakale imene inkangodya fumbi pashelefu. Anaibweretsa ataikulunga m'jekete ngati khanda. Kuyambira tsikulo dzina lakuti Timba, limene mwanayo anapatsidwa chifukwa cha kuchepa thupi, linatha pakamwa pake. Anali Injiniya basi. Chikondi chinalipo ndithu, koma chinali chikondi cha mano.

Masiku oyambawo m'nyumbamo munali kuseka. Timba ankalemba timizere take tolamula kompyuta n'kudina batani, kamwanapiye kachikasu n'kuyamba kuyenda pasikirini kuchoka kumanzere kupita kumanja, kakujompha timadontho. Kakajompha, kompyuta inkafunsa samu, ndipo ukakhoza kamwanapiyeko kankanenepa. "Amayi, bwerani mudzaone!" Mayiyo ankasiya ayironi ikuzizira, n'kupita kukalakwitsa dala masamu kuti amve mwana wake akuseka. Zikakanika, zilembo zofiira zikatuluka, mtsikanayo ankangoti, "Aa, iwe, wandigwira," n'kuyandikiza mphuno pasikirini, kusakasaka mpaka atapeza pamene pasokonekera. Ankaiwala ngakhale kudya. Zinali choncho mpaka tsiku limene bambo ake anaima kumbuyo kwake, n'kuona zofiirazo, n'kukumbukira inki ya aphunzitsi awo.

Tsopano zikwapu zinasanduka za tsiku ndi tsiku. Bamboyo akabwera kudzadya, asanasambe n'komwe m'manja, ankayamba waima kumbuyo kwa mpando. "Dina tione." Chofiira chikatuluka, kandodo kankatuluka. Zikhatho zinatupa, cholembera mwanayo ankachigwira ndi nsonga za zala. Mayi ake ankamuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda akutukwana chamumtima, koma oyandikana nawo nyumba akafunsa za kulirako ankangoti ndi zapakhomo, mwana aliyense amalira.

Kenaka zofiira zinatha. Tsiku loyamba bamboyo anayesa mwayi chabe. Patapita masiku angapo kamwanapiye kakuyenda bwinobwino, sikirini ili mbee, anamugulira Injiniya botolo la zoziziritsa kukhosi n'kumuyang'ana akumwa.

"Waona, mayi a Timba? Mphini yobwereza ndiyo imawala. Ukanakhala iwe bwenzi tikunyengererabe mpaka pano."

"Ndaona."

"Wangoti ndaona basi? Pakamwa pauma lero?"

Mayiyo anapitiriza kudula nsalu. Telala sapusitsika ndi msoko wosalala. Iye ankadziwa kuti tsiku limene sunamasulepo ulusi ndiye kuti wasoka chimene manja anazolowera kale. Ankaonanso kuti kamwanapiye kaja kankajompha malo omwewo, kukafunsa masamu omwewo, ndipo mawu aja akuti bwerani mudzaone anali atasowa m'nyumbamo. Tsiku lina mwamuna wake atabwerera kushedi, anamuitana mwanayo pakhonde.

"Timba, kamwanapiye kako sikakula? Paja unati kadzakhala ndi anzake, ndiponso mphamba wowathamangitsa."

"Kali bwino choncho."

"Tandiyang'ana."

Mtsikanayo anayang'ana chopondera cha makina. "Ndikalemba zatsopano imafiira, amayi. Izizi ndinamaliza kale, sizingafiire. Ababa akabwera ndimangodina."

"Nanga akachoka?"

"Ndimaitseka."

"Sukuifunanso?"

"Ndikaiona ndimaona kandodo." Anagwira mkono wa mayi ake ndi zala zotupa zija. "Musawauze. Chonde, amayi."

Mayiyo sanawauze. Mtima unamupweteka kuona mwana amene ankaiwala kudya chifukwa cha laputopu ija tsopano akuizemba, koma anadziuza kuti bola manja apole, zachikondizo zidzabwerera zokha. Anasankha bata. Akazi ambiri asankhapo bata lotere, ndipo limaoneka lotsika mtengo tsiku loligula.

Loweruka lina masana, aphunzitsi a kalabu aja anafika panjinga. Anali mayi wachitsikana wovala magalasi, wolankhula mofatsa. Tsoka ilo pakhonde panali mwini diresi imene inkasokedwa, mayi wogulitsa tomato kumsika, amene pakamwa pake panalibe chitseko. Bambo a Timba atamva kuti kwabwera aphunzitsi anasiya ntchito, n'kubwera akupukuta manja ndi sanza, mano onse ali pamtunda. Anawalowetsa pabalaza, wa tomato uja n'kulowa nawo osaitanidwa.

"Ndabwera chifukwa cha Timba," anatero aphunzitsiwo. "Kukalabu ankakhala woyamba kufika, woyamba kufunsa, mpaka anzake kumuchitira nsanje. Masiku ano amakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo. Ndikamupatsa kompyuta amati mutu ukuwawa. Kodi akudwala?"

"Kudwala? Aphunzitsi, ameneyu wakupitirirani, n'chifukwa chake zanuzo zikumutopetsa. Injiniya, aonetse aphunzitsi ako."

Timba anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana pansi. Mtsikanayo anatsekula laputopu n'kudina, kamwanapiye n'kuyamba ulendo wake wa masiku onse.

"Mwaona? Popanda chofiira ngakhale chimodzi. Poyamba zinali mbwee, tsamba lonse magazi okhaokha. Ndinachita kuzichotsa ndi aka." Anatulutsa kandodo kaja n'kukaonetsa monyadira.

Aphunzitsiwo anavula magalasi. Anagwira dzanja la Timba n'kulitembenuza, kenaka linalo.

"Bambo, izi anapanga kalekale, tikuyamba kumene. Sanawonjezepo kanthu. Zilembo zofiira si chilango ayi. Kompyuta imakhala ikukuuza kuti apa sindinamve, tabwereza. Ine amene ndimaphunzitsa imandifiirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwana amene kompyuta yake sifiira ndiye kuti sakulemba kanthu."

Wa tomato uja anaphulika kuseka, akudziwomba pantchafu.

"Ha! Ndiye mwakhala mukukwapula mwana chifukwa choti akuphunzira? Safunsa anadya phula, bambo inu! Kamwana kakukuonetsani filimu imodzimodzi tsiku lililonse, inu n'kumawomba m'manja, mpaka kugula zakumwa! Iyi yokha akaimva kumsika agwa nayo."

"Mayi, chonde," anatero aphunzitsi. Anatembenukira kwa bamboyo. "Manja awa ndawaona, ndipo Lolemba ndikawauza ahedi. Kandodoko katayeni. Mwanayu musiyeni alakwitse, ndi mmene amaphunzirira."

Bamboyo anamwetulira. "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tamva, aphunzitsi. Tiyeni ndikuperekezeni."

Mayi a Timba ankakudziwa kumwetulira kumeneko. Anaona mtsempha utaima pachipumi pafupi ndi chipsera cha sipanala. Alendowo atangotuluka anamugwira mwana paphewa.

"Tulukira khomo lakuseri. Thamangira kwa mayi ako aang'ono, usacheuke."

Koma Timba anali atauma pampando, maso ali pa kamwanapiye kamene kanali kakuyendabe. Mayiyo anamukoka, mwendo wa mwana n'kukola mwendo wa tebulo, ndipo asanafike kukhomo lakuseri chitseko chakumaso chinatsekedwa ndi phazi. Loko analira. Bamboyo anali atanyamula chidutswa cha chitsulo chopangira mawindo chimene chinkatsamira khoma la khonde.

"Wandinamiza," anatero motsitsa mawu. "Masabata onsewa ukundiseweretsa ngati chidole. Ine kuotcha maso anga pa geti la eni ake kuti iwe ukhale munthu, iwe n'kundisandutsa chitsiru pamaso pa akazi?"

"Bambo a Timba, mwamva zimene anena aphunzitsi. Wolakwa si mwana."

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Menyani ine."

Anamumenyadi. Chibakera chinamupeza pakamwa, n'kudzandira chambuyo mpaka kugwera pampando umene unathyoka naye. Anamva mchere wa magazi, dzino likugwedera. Mmene ankadzuka n'kuti bamboyo atamukokera mwana patebulo, atapanikiza dzanja lake lamanja pathabwa pafupi ndi laputopu.

"Dzanja labodza ndi ili? Limene limadinali?"

"Ababa, pepani! Ndilemba! Ndilemba zatsopano!"

Chitsulo chinatsika. Sichinalire thyapu ngati kandodo kaja. Chinalira khwa, ndipo kukuwa kumene kunatuluka mwa Timba mayi ake anali asanakumvepo chibadwire cha mwanayo. Chitsulo chinakweranso. Mayiyo sanaganize kanthu. Ayironi yamakala inali pansi pafupi ndi khomo, yolemera, makala ake atazima. Anainyamula ndi manja awiri n'kuigwetsera pamkono umene unagwira chitsulo, kenaka paphewa, phulusa lili kobo m'nyumba monse. Bamboyo anabuula n'kugwada. Anamugwira mkazi wake mwendo kuti amugwetse, mayiyo n'kumuponda pachifuwa, akukuwa mawu amene pambuyo pake sanawakumbukire.

Kunja anthu anali akumenya chitseko. Aphunzitsi anali asanapite patali, anamva kukuwa n'kubwerera ndi amuna a pamsewu. Chitsekocho chinali chachitsulo, chowotcherera mwini wake, ndipo chinapirira mapazi awo onse monga mmene iye ankanyadira. Anachita kutsekula ndi mayi a Timba, dzanja limodzi litakumbatira mwana. Zala ziwiri za mtsikanayo zinali zitaloza kumene zala siziloza. Wa tomato uja kuseka kunali kutamuthera.

Kuchipatala namwino anayang'ana dzanja, n'kuyang'ana mlomo wotupa wa mayiyo.

"Chachitika n'chiyani?"

Bodza linali kale pa lilime, lokonzeka ngati masiku onse: wagwa mumtengo, chitseko chamupana. Mayiyo anayang'ana mwana wake amene anali atakhala pabenchi.

"Amuthyola ndi bambo ake. Ndi chitsulo. Ndipo si lero lokha, akhala akumukwapula ine ndikuona."

"Mukudziwa kuti tiitana apolisi?"

"Itanani."

Apolisi anamupeza bamboyo atakhala pabalaza pomwepo, mkono uli lende, akupukuta phulusa pa laputopu ndi malaya ake. Anthu amene analipo amati pokwera galimoto ankalira ngati mwana, akubwereza mawu amodzimodzi, akuti ndimafuna akhale injiniya, ndimafuna asadzagwire chitsulo ngati ine. Mayi a Timba atamva sanasangalale, sanamvenso chisoni. Anangoti madzi akatayika saoleka, n'kutumiza anthu kukatenga makina ake osokera.

Anakakhala kwa mng'ono wake, m'kachipinda kamodzi kamene makinawo anadya theka lake. Milomo ya anthu sinagone. Alamu ake anabwera kudzamuuza kuti wamangitsa mwamuna chifukwa cha zala ziwiri, ngati kuti mwanayo anali ndi zala zosungira. Iye anawayankha kuti nkhwangwa imaiwala koma mtengo suiwala, n'kupitiriza kupalasa makina mpaka anatopa okha n'kunyamuka. Chikhakha chimene anamuika Timba kuchipatala chitachotsedwa, chala chapakati chinapola chokhota, ndipo cholozera sichinkapinda bwino. Adokotala anati azichigwiritsa ntchito, chidzafewa.

Tsiku lina masana aphunzitsi aja anabwera atanyamula laputopu ija m'chikwama. Anali ataipukuta, ming'alu ya pakona atamata ndi tepi. Timba atangoiona anadzuka pamkeka n'kukaima pakona ya chipinda, manja onse awiri atawabisa kumbuyo.

"Timba, anzako akukufunsa," anatero aphunzitsi. "Wina wapanga galimoto yoyenda chambuyo yokhayokha, yamukanika kuitembenuza. Akuti ukanakhalapo iwe."

Mtsikanayo anapukusa mutu.

"Sindikukakamiza. Ndingoisiya pano."

"Chotsani. Amayi, auzeni achotse."

Aphunzitsiwo anayang'ana mayi a Timba, misozi ili lengelenge, n'kuyamba kuibwezera m'chikwama.

"Isiyeni," anatero mayiyo. "Nditsekulireni pamene amalemba paja."

Anasuntha nsalu patebulo la makina, n'kukhala bwino pampando. Chibadwire anali asanalembepo kanthu pa kompyuta kupatula manambala a masamu a kamwanapiye. Anaika zala zake zobooka ndi singano pa mabatani n'kudinadina chisawawa, pakati pa mizere ya mwana wake, zilembo zopanda mutu.

"Tsopano ndidine pati kuti iyende?"

Aphunzitsi analoza. Mayiyo anadina. Zilembo zofiira zinadzaza kumunsi kwa sikirini.

Pakona paja panamveka kaphokoso. Timba anali atanyonyomala, mutu ataubisa m'mawondo, mapewa ali m'makutu, akudikira. Mayi ake anamva ngati mtima ukung'ambika, koma sanadzuke. Anatambasula dzanja lake patebulo, chikhatho chili m'mwamba, n'kudikira naye limodzi. Kunja nkhuku zinali kupalasa, wina ankapopa njinga. Palibe anabwera.

"Yafiira," anatero mayiyo mokweza. "Aphunzitsi, yafiira. Ndidinenso?"

"Dinaninso, mayi."

Anadinanso, inafiiranso. Anafufuta chilembo chimodzi mwachisawawa, n'kudina, n'kufiiranso. Anapitiriza choncho, akudandaula ngati mmene amadandaulira ulusi ukamaduka, akuifunsa kompyutayo kuti kodi iwe ukufuna chiyani kwenikweni. Sanacheuke, koma anamva mapazi opanda nsapato akusendera pang'onopang'ono pasimenti, mpaka mpweya wofunda unamufika pakhutu.

"Pamzere wachiwiripo," ananong'ona Timba. "Mwafufuta kachizindikiro kotsekera mzere."

"Pati? Tandilozera, mwanangu."

Mtsikanayo anayandikiza mphuno pasikirini monga ankachitira kale, maso akuthamanga m'mizere. Analoza ndi chibwano. Manja anali akadali kumbuyo, lamanzere litagwira lamanja zolimba.